Mphasa za ku Japan, nyumba za Azungu ndi pabalaza pathu ku Milange



Nkhani yanga ndi ya m'kati mwa nyumba. Masiku ano kalipentala wa kuno ku Milange sagwiranso ntchito ndi tepi ndi pensulo zokha. Kasitomala amabwera ndi foni m'manja, n'kumuonetsa chithunzi cha pa Facebook kapena pa WhatsApp, amvekere: "Ndikufuna chonga ichi." Zambiri mwa zithunzizi ndi za nyumba za ku Ulaya ndi ku America, ndipo zaka zino zayamba kufanana: bedi lalifupi lotsala pang'ono kukhudza pansi, matabwa osapaka penti, khoma loyera lopanda chopachikapo, nyale yokutidwa ndi pepala, mtsuko umodzi pakona. Azungu eni ake amanena kuti kakonzedwe aka anakatenga ku Japan. Ena akasakaniza ndi ka ku Denmark ndi ku Sweden n'kukatcha Japandi. Choncho chithunzi chimene chikufika m'mafoni athu chayenda maulendo awiri, kuchoka ku Japan kupita kwa Azungu, kuchoka kwa Azungu kudza kwa ife. Katundu wodutsa m'manja ambiri chotere timayenera kumufunsa kuti poyamba anali wotani, nanga panjira chatayika n'chiyani.

Dziko la Japan ife timalidziwira pa galimoto. Minibasi zochoka pa Muloza kupita ku Limbe, ndi zina zotsika ku Mocuba, zambiri n'za kumeneko. Koma nyumba yachikale ya ku Japan ambiri sitinaimvepo, ndiye ndiloleni ndikulowetsenimo.

Ukafika pakhomo umapeza kamalo kotsika kamene amakatcha genkan. Nsapato zimathera pamenepo. Ukavula umakwera sitepe imodzi, chifukwa pansi pa nyumba yonse ndi pokwezedwa ndi matabwa, ndipo mphepo imadutsa kunsi. M'zipinda anayala mphasa zawo zotchedwa tatami. Tatami si yopyapyala ngati yathu. M'kati mwake amathinikizamo mapesi a mpunga mpaka kuchindikala masentimita 5 kapena 6, pamwamba n'kuyalapo nsalu yoluka ndi udzu wa m'dambo wotchedwa igusa, umene wambiri umalimidwa ku Yatsushiro m'chigawo cha Kumamoto. M'mbali zazitali amasokerera kansalu kuti isasomphoke. Chachikulu pa tatami ndi muyeso. Mulitali mwake ndi kawiri mulifupi mwake, pafupifupi masentimita 180 kwa 90, ngakhale ya ku Kyoto imakulirapo pang'ono kuposa ya ku Tokyo. Ndipo chipinda amachiwerenga ndi mphasa. Munthu amati chipinda changa ndi cha mphasa 6, cha mphasa 8, cha mphasa zinayi ndi theka. Mmisiri womanga, wopala matabwa ndi wosoka tatami onse amayendera muyeso umodzi, kotero chimene wapanga mmodzi chimalowa ndendende m'chimene wapanga mnzake.

Zipinda sazigawa ndi makoma olemera. Amaika zitseko zopepuka zotsetsereka m'kanjira kosemedwa m'thabwa. Zoyang'ana kunja, zotchedwa shoji, ndi timitengo topingasa tomatidwa pepala loyera, ndipo dzuwa likawomba kuwala kumalowa kofewa, kosathobwa m'maso. Kunja kwake kuli khonde lamatabwa, engawa, lotetezedwa ndi denga lotulukira kutali. Mipando mulibe, anthu amakhala pansi mozungulira tebulo lalifupi. Usiku amatulutsa matiresi opyapyala m'kabati ya m'khoma n'kuyala, m'mawa amapinda n'kubwezera. Chipinda chimodzi chomwecho n'chodyeramo, n'chochezeramo, n'chogonamo. Ndiye pamakhala kamalo kamodzi kolowa m'khoma, tokonoma, poika chinthu chimodzi chokongola, kaya chojambula kaya duwa, ndipo amachisintha nyengo ikasintha.

Zonsezi sizinayambe ngati fashoni. Chilimwe cha ku Japan n'chotentha ndi chachinyezi, mvula yake ya mu June ndi July imanyowetsa chilichonse, ndipo dzikolo limagwedezeka ndi zivomezi. Pansi pokwezedwa n'pothawa chinyontho. Zitseko zotsetsereka n'zolowetsa mphepo. Denga lotalika n'loteteza pepala ndi matabwa ku mvula. Mapesi a mpunga, nsungwi, dothi ndi udzu wa m'dambo anazigwiritsa ntchito chifukwa ndi zimene zinali pafupi. Katswiri wawo wa mwambo wa tiyi, Sen no Rikyu, amene anamwalira mu 1591, amakumbukiridwa ndi kachipinda kotchedwa Tai-an kufupi ndi Kyoto. Kachipindako n'ka mphasa ziwiri zokha, makoma ake ndi ophoma ndi dothi losakaniza ndi mapesi oonekera, ndipo lero boma la Japan limakasunga monga chuma cha fuko. Ndikufuna mugwire mfundo imeneyi, inu amene mumachita manyazi mlendo akaona khoma lanu lophoma.

Tsono zinafika bwanji kwa Azungu? Oyamba anali Apwitikizi, amene anafika ku Japan mu 1543. Zombo zawo zoyenda pakati pa Lisbon ndi Goa zinkaima pa Ilha de Moçambique, ndipo m'njira imeneyi munadutsa mabokosi onyezimira ndi zotchingira zopindika za ku Japan, zina mwa izo zilipobe m'nyumba yosungiramo zakale ku Lisbon. Wina mwa katundu woyamba wa ku Japan wokakongoletsa nyumba za ku Ulaya anadutsa pagombe la dziko lathu lino. Mu 1639 Japan anathamangitsa Apwitikizi n'kudzitsekera, kusiya kampata kakang'ono ka Adatchi ku Nagasaki, mpaka zombo zankhondo za America zinadzakakamiza kuti atsegule mu 1853. Kuchokera pa chionetsero cha ku Paris cha 1867, anthu olemera a ku Ulaya anapenga nazo zinthu za ku Japan. Koma taonani zimene anachita. Anagula mbale, zokupizira mphepo, maambulera a pepala ndi zotchingira, n'kuziunjika m'zipinda zimene zinali zodzaza kale ndi makatani, mipando ndi makabati. Anatenga zinthu za m'nyumba yopepuka n'kulemeretsa nazo nyumba yolemera kale.

Ambiri mwa amene anamvetsa anali amisiri. Mu 1886 Edward Morse wa ku America anatulutsa buku lofotokoza nyumba za anthu wamba a ku Japan, atazijambula ndi dzanja lake, khomo ndi khomo. Mu 1893 pa chionetsero cha ku Chicago boma la Japan linamanga nyumba yeniyeni, ndipo wojambula mapulani wachinyamata Frank Lloyd Wright anaiona. Mu 1905 iye mwini anapita ku Japan. Iyeyu sanakopere pepala kapena tatami. Anatenga nzeru yochotsa makoma osafunika kuti zipinda zizilumikizana, ndi ya denga lotulukira kutali, n'kumanga ndi njerwa za kwawo, monga mmene ilili Robie House ku Chicago. Mjeremani Bruno Taut anafika ku Japan mu 1933, anaona nyumba yachifumu ya Katsura ku Kyoto, n'kulemba moitamanda mpaka amisiri a ku Ulaya anayamba kupita kukaiphunzira. Nyale za pepala zimene mukuona m'zithunzi zija zinatchuka ndi Isamu Noguchi, amene anayamba kuzipanga mu 1951 ndi amisiri a mumzinda wa Gifu. Mu 2019 Marie Kondo anaonekera pa Netflix akuphunzitsa mabanja a ku America kutaya katundu wosafunika. Anthu a kumeneko katundu wawachulukira mpaka kulipira lendi ya mosungiramo, ndiye chipinda chopanda kanthu kwa iwo n'kupuma.

Mitundu iwiri ya okopera imeneyi ilipobe. Wina amagula maonekedwe, wina amaphunzira chifukwa chake. Zithunzi zambiri zobwera m'mafoni athu ndi za mtundu woyamba. Nyumba yake ndi ya simenti ndi magalasi osatseguka, mphepo yake ndi ya makina, ndipo bedi lalifupi lija analiika chifukwa likuoneka bwino pa chithunzi. Tikakopera chimenecho ku Milange, tidzakhala titalipira ndalama zambiri kugula chinthu chimene tanthauzo lake linatsala panjira.

Tiyeni tsopano tibwere kwathu. Nyumba ya agogo athu inali ndi khonde kuzungulira, denga la udzu lotsika mpaka kuteteza khoma, pansi pozira bwino, ndi mphasa imene masana imapindidwa n'kuimikidwa pakona. Mkeka unkatuluka mlendo akabwera. Katundu wochepa amene analipo ankakhala pa nsanja kapena kupachikidwa kudenga. Nsapato, kwa amene anali nazo, zinkatsala pakhomo, ndipo mpaka lero mayi wozira nyumba yake salola munthu kulowa ndi matope. Ngakhale Azungu a m'minda ya tiyi, kuno m'mphepete mwa phiri la Tumbine ndi kutsidya ku Mulanje, anaona msanga kuti dziko lino silikhalika popanda khonde lalikulu, ndipo nyumba zawo anazimanga chomwecho. Sindikunena kuti nyumba ya makolo inalibe vuto. Utsi unkawawa m'maso, mazenera anali timabowo, udzu unkafuna kufolera kawirikawiri. Koma pa nkhani ya mthunzi, kuzizira ndi kugwiritsa ntchito chipinda chimodzi m'njira zingapo, agogo athu ndi anthu a ku Japan akanamvana popanda womasulira.

Nyumba imene tikumanga lero mukuidziwa. Njerwa zowotcha, malata opanda siling'i, denga lodulidwa pafupi ndi khoma kuti tisunge ndalama ya malata awiri, mazenera a mbali imodzi. Ndinalowapo m'nyumba ina yotere mwezi wa Okutobala masana. Pabalaza panali sofa ya anthu asanu ndi awiri yokutidwabe ndi pulasitiki, tebulo lagalasi pakati, kabati yaikulu ya mbale zimene sizidyeredwa, firiji pakona, ndi matumba a chimanga kuseri kwa chitseko. Kuti ufike pampando unkayenda chammbali. Malata anali akuthetheka ndi dzuwa. Titapatsana moni, mayi wa pakhomopo anati, "Tiyeni panja, muno simukhalika," ndipo tonse tinakakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Banja limenelo linagwira ntchito zaka zambiri kuti ligule katunduyo, koma chipinda chachikulu kuposa zonse m'nyumba mwawo chinali cha katundu, eni ake akukhala pabwalo.

Pamenepa ndiyankhule mosamala, chifukwa ndikudziwa kumene tachokera. Mu 1986 nkhondo inasesa Milange, anthu anaoloka malire ndi kamtolo pamutu kukakhala m'misasa ku Malawi. Atabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa 1992, ambiri anapeza mabwinja okhaokha. Munthu amene anagonapo pa chiguduli mumsasa, akagula sofa ndi kabati, si kuti akudzionetsera chabe. Katunduyo ndi umboni wakuti anapulumuka ndipo anayambiranso. Munthu wotereyu sungamuuze kuti chipinda chopanda kanthu n'chokongola, chifukwa iye chipinda chopanda kanthu anachiona, ndipo chinali umphawi. Mzungu amene akutaya katundu akutaya chifukwa wakhuta. Choncho ine sindikuuza aliyense kuti ataye sofa yake kapena abwerere kukhala pansi ngati sakufuna. Komanso tili ndi okalamba a mawondo owawa amene mpando ndi chifundo kwa iwo, ndipo ku Japan komweko nyumba zambiri zatsopano zili ndi mipando ndi mabedi, zipinda za tatami zikuchepa. Chimene ndikupempha n'chakuti ndalama imene tikuwononga kale itigulire nyumba yokhalika. Paja akulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione pamene kalumo aka kangatimete bwino.

Choyamba ndi mphepo ndi mthunzi, ndipo apa ndikulankhula ndi inu omanga. Nyengo yathu ili ndi zofanana ndi imene inabala nyumba ya ku Japan. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, mvula yambiri yogwa m'mapiri awa, ndi chiperoni chochokera ku phiri la Chiperone m'boma lathu lomwe lino, chimene chimachititsa nkhungu m'zovala ndi m'matiresi. Denga lotulukira masentimita 60 kapena kuposa limateteza khoma ku dzuwa ndi ku mvula yowomba chammbali. Zenera likhale ndi linzake kumbali yoyang'anizana nalo, kuti mphepo ilowe ndi kutuluka. Pansi pa malata ikani siling'i, ndipo sikuti mpaka ikhale ya mabolodi ogula m'sitolo. Nsungwi zong'amba kapena bango losokedwa bwino, lothiridwa mankhwala a chiswe, limatchinga kutentha ndipo limakongola. Maziko akwere. Amene munaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, atalowera kufupi ndi Quelimane n'kudzasakaza kuno ndi ku Mulanje ndi Phalombe, mukudziwa kusiyana kwa nyumba yokhala pansi penipeni ndi yokwera masitepe awiri. Koma denga lotalika limagwidwa ndi mphepo, ndiye phaso limangiriridwe ku khoma ndi waya kapena zitsulo, osadalira misomali yokha. A ku Japan nawo ali ndi anamondwe awo, n'chifukwa chake kunja kwa pepala lija amatsekako zitseko zolimba zamatabwa.

Chachiwiri, chimene ndikuchikonda kwambiri, ndi muyeso wa mphasa. Taonani ntchito ya bambo wosoka mphasa. Amapita kudambo kukadula bango, amalisenza, amaling'amba limodzilimodzi, amaliyanika, kenako amakhala pansi ndi singano yaitali ndi chingwe cha khonje, kubaya bango lililonse mzere ndi mzere mpaka zala kuchita matuza. Akamaliza amaikweza panjinga, ndipo pamsika wogula amamunenerera mpaka mtengo wake kutsika ngati wa mulu wa tomato. Chifukwa chiyani? Chifukwa mphasa timaiona ngati chinthu chongodikirira tsiku limene tidzagule kapeti. Ku Japan wosoka tatami ndi mmisiri wolemekezeka, ndipo chimodzi mwa zimene zinamukweza n'chakuti ntchito yake ili ndi muyeso umene nyumba yonse imatsata. Ifenso tingathe. Osoka mphasa ndi oluka mikeka atagwirizana pa muyeso umodzi, n'kumasokerera nsalu ya chitenje m'mbali kuti isathothoke, womanga akhoza kuyeza chipinda kuti mulowe mphasa zinayi kapena zisanu ndi imodzi popanda kupinda kapena kudula. Pansi pa simenti pamazizira mu Juni, ndiye kunsi kwa mkeka kungalowe kachiyalo ka mapesi a mpunga, amene ku Nicoadala, ku Namacurra ndi ku Mopeia ali mbwee pambuyo pokolola. Chinthu chotere chimayanikidwa padzuwa ndi kukunthidwa kawirikawiri, apo ayi chimasunga nsikidzi ndi chinyezi, ndipo a ku Japan nawo amatero ndi zogonera zawo. Mphasa ya muyeso, ya m'mbali mosokedwa, ingagulitsidwe pa mtengo wina ku Mocuba, ku Blantyre ndi m'malo ogona alendo okwera phiri la Mulanje.

Chachitatu ndi cha akalipentala. Chipinda cha ku Japan chimaoneka chopanda kanthu osati chifukwa eni ake alibe katundu, koma chifukwa katundu ali ndi pokhala m'khoma. Ife timamanga chipinda cha makona anayi, kenako n'kumagula makabati oti adye malo. Womanga atasiya mpata m'khoma, inu n'kuikapo mashelefu ndi chitseko chotsetsereka, zofunda, mbale ndi zovala zonse zingabisike. Chitseko chotsetsereka sichifuna malo otsegukira, ndipo m'nyumba za lendi za chipinda chimodzi chingagawe pogona ndi pochezera mwaulemu kuposa nsalu yopachika pa chingwe. M'malo mwa sofa yodzaza balaza, taganizirani benchi lalitali lotsamira khoma, la makushoni, lotseguka pamwamba kuti m'kati musungidwe zinthu, ndi mipando iwiri yabwino ya akuluakulu. Pakati pamatsala malo oyala mkeka, ana n'kusewera, alendo ochokera kumudzi n'kugona. Ndipo chonde, thabwa labwino musamalimize mu vanishi wofiira wochindikala. Lipaleni bwino, lipakeni mafuta pang'ono, mizere yake ioneke.

Za kamalo ka chinthu chimodzi chokongola sindichulukitsa. Mtsuko woumbidwa bwino, lichero latsopano, chithunzi chimodzi cha makolo, chikakhala pachokha chimaoneka. Zikakhala makumi awiri palibe chimene diso limagwira. Za pakhomo povulira nsapato, sitepe imodzi ndi kashelefu basi, mayi wokolopa adzakuthokozani nthawi ya dzinja.

Pali zina zimene tizisiye komweko. Pepala m'mazenera kuno ndi chakudya cha chiswe ndi mphemvu, ndipo silitchinga wakuba kapena udzudzu. Ngati mukufuna kuwala kofewa kuja, ikani sefa ya udzudzu ndi nsalu yoyera yopyapyala, zitsulo zachitetezo zikhale m'malo mwake. Bedi lalifupi lisakhale chifukwa chosiyira neti. Malungo ku Zambezia ndi ambiri, ndiye aliyense wopanga bedi, lalitali kapena lalifupi, aganizire pomangirira neti ndi popisa m'mphepete mwake. Ndiponso bedi lisagunde pansi penipeni, pakhale mpata wosesa ndi wodutsa mphepo.

Ndiye nkhani ya mitengo. Zithunzi zija zimaonetsa matabwa paliponse, ndipo kasitomala wa ndalama adzakuuzani kuti mumupezere mkunguza chifukwa umanunkhira bwino ndipo chiswe sichiudya. Mkunguza wa paphiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka, ndipo thabwa lililonse lotsika usiku likuchotsa pa zochepa zotsalazo. Mlombwa ndi mbawa nazo zikusowa, mwaona nokha magalimoto a zipika akulowera kudoko. Bulugamu wouma bwino, paini ndi nsungwi zingagwire ntchito zonse zimene ndatchulazi. Nsungwi idulidwe yokhwima, nthawi yachilimwe, iviikidwe m'madzi masabata angapo kuti anankafumbwe asaikonde, iume pamthunzi.

Pempho langa kwa inu amisiri ndi laling'ono. Mvula isanagwe, womanga mmodzi, kalipentala mmodzi ndi wosoka mphasa mmodzi akhale pansi agwirizane muyeso. Ine ndikupereka masentimita 180 kwa 90, chifukwa munthu wamkulu amagonapo bwino ndipo bango lathu limafika, koma ngati osoka akuona kuti wina ndi wosavuta, anene ndi iwo. Kenako mupeze mwini nyumba mmodzi amene akumanga, mumupemphe chipinda chimodzi chokha: cha mamita 3.6 kwa 2.7, chimene ndi mphasa zisanu ndi imodzi, cha mazenera oyang'anizana, siling'i ya nsungwi ndi kabati ya m'khoma. Mulembe ndalama zonse zimene zalowa, mumetikali ndi mukwacha, kuti a mbali zonse ziwiri za malire athe kuwerengera. Mwezi wa Okutobala ukadzafika, tidzalowemo masana tonse, ndi eni nyumba zoyandikana nazo, tidzakhale pansi timve kutentha kwake.